Tsiku Limene 30,031 Inagawika

1. Nambala ya a Mosakayika

Pasukulu ponse panalibe womuitana dzina lake lenileni. Ankangoti Kapensulo, chifukwa tsiku lililonse pensulo inkakhala itazikidwa m'tsitsi lake, pamwamba pa khutu lamanja. Anali mtsikana wa Folomu 3, wochepa thupi, wosakonda zolankhulalankhula. Koma pa masamu panalibe womuposa.

Chaka chimenecho gulu la masamu la pasukulupo linaitanidwa kukapikisana ndi sukulu zina khumi ndi ziwiri mumzinda waukulu. Sukulu iliyonse inkayenera kubweretsa chinthu chimodzi chimene yafufuza yokha, n'kutumiza wophunzira mmodzi woti akachifotokoze pamaso pa oweruza. Mwa ophunzira khumi ndi asanu a m'gululo, anasankhidwa Kapensulo. Mwayi umenewu anaugwirira ntchito zaka ziwiri, ndipo ankaufuna ndi mtima wake wonse.

Woyang'anira gululo anali mphunzitsi wa masamu amene ana anamupatsa dzina loti a Mosakayika, poti chilichonse chimene anena chinkathera pa mawu akuti "mosakayika konse". Ndisawanamizire: bambowa ankadziwa kuphunzitsa. Mwana wolowa m'kalasi mwawo akuopa masamu ankatuluka akuwafuna. Vuto lawo linali limodzi, sankakonda kutsutsidwa. Teremu yapitayo mtsikana wina wa Folomu 4 anawatsutsa pagulu, ndipo mawa lake anapezeka ali m'gulu la zisudzo.

Nkhani imene gululo linakonza inali ya nambala zosagawika. Izi ndi nambala zamakani, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, zimene sizilola kugawidwa popanda chotsala. Malalanje 12 ungawagawire anthu awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi, aliyense n'kulandira mofanana. Koma malalanje 13, gawa mmene ungagawire, ena adzatsala m'mbale, pokhapokha anthu akhale 13 kapena udye wekha.

A Mosakayika ankati apeza njira yopangira nambala zoterezi. Ankati tenga nambala zosagawika motsatana kuyambira pa 2, uzichulukitse, kenaka uwonjezere 1. Ukachulukitsa 2 ndi 3 n'kuwonjezera 1, upeza 7. Ukalowetsapo 5, upeza 31. Ukalowetsapo 7, upeza 211, ndipo ukalowetsapo 11, upeza 2,311. Zonsezi n'zosagawika ndithu. Pomaliza analowetsapo 13, n'kutuluka chinambala cha 30,031, chimene sukulu yonse inayamba kuchinyadira.

Gululo linaiyesa nambalayo masana ena, ndi makakyuleta atatu obwerekana. Anaigawa ndi nambala iliyonse kuyambira 2 mpaka 50, ndipo palibe imene inalowamo popanda chotsala. Belu litalira, a Mosakayika anasasa fumbi la choko m'manja n'kunena kuti zakwanira, nambalayo ndi yosagawika, mosakayika konse. Ana anawomba m'manja n'kuthamangira kunyumba.

2. Funso la bambo

Bambo ake a Kapensulo anali olemba zikwangwani. Ankagwirira ntchito m'kachipinda ka malata koyang'ana kumsewu, modzaza zitini za penti, maburashi oviikidwa m'mabotolo odulidwa, ndi matabwa otsamira kukhoma. Munthu ukalowamo fungo la penti linkakutsatira mpaka kunyumba kwako.

Sukulu inawapatsa ntchito yolemba chikwangwani choti gulu likanyamule ku mpikisano. Lolemba masana Kapensulo anawapeza atapaka kale thabwa lalikulu penti woyera, akulemba mizere ndi chingwe chopaka choko. Kapepala ka a Mosakayika kanali kokhomeredwa pakhoma ndi msomali. Kanalembedwa kuti: 30,031 NDI NAMBALA YOSAGAWIKA.

Bambowa anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito kamene kankatopetsa makasitomala. Sankaviika burashi mu penti asanamvetse tanthauzo la chimene akulemba. Choncho anamukhazika mwana wawo pa chitini chopanda kanthu n'kumuuza kuti afotokoze. Kapensulo anafotokoza za malalanje, za njira ya aphunzitsi, ndi mmene anaiyesera nambalayo mpaka pa 50.

"Nanga munalekeranji pa 50?" anafunsa bambo. "Pali mpanda pamenepo?"

Kapensulo anaseka. Kenaka analeka kuseka. Anangoti belu linalira.

Bambo anaika chingwe pansi.

"Tamvera, mwanawe. Ine masamu anu sindiwadziwa, ndinalekezera panjira. Koma penti ndimamudziwa. Ndili mnyamata, kunabwera mmisiri wa mapaipi kuti ndilembe nambala ya foni pagalimoto yake. Anandiuza pamtima, akuthamangira kwina. Ndinati talembani papepala, iye n'kuti kodi ndingaiwale nambala yanga? Ndinalemba mbali zonse ziwiri, ndi kumbuyo komwe, zilembo zokongola zoti munthu n'kuima kuti aone. Miyezi itatu anthu ankaimbira mayi wina wosoka zovala, kumuuza kuti chimbudzi chatsekeka. Mayiyo atatopa sanapite kwa mmisiri uja ayi, anabwera pakhomo pano, chifukwa pansi pa zilembo panali dzina langa. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti mawu a pakamwa amapita ndi mphepo, koma a penti amakhala kukudikira. Chokongola kunja uzichisenda, mwana wanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Kapensulo anasolola pensulo m'tsitsi n'kung'amba chidutswa cha katoni ya zitini. Choyamba anafuna kudziwa pamene munthu ayenera kulekera. Nambala ikagawika, imakhala ndi ziwiri zoichulukitsa, ina yaing'ono, ina yaikulu. Ukapeza yaing'onoyo, yaikuluyo imabwera yokha. Anayesa 173 kuchulukitsa ndi 173, napeza 29,929. Anayesa 174 ndi 174, napeza kuti yapitirira 30,031. Choncho yaing'onoyo sikanapitirira 173, ndipo mpanda weniweni unali pamenepo, osati pa 50.

Analemba nambala zosagawika zonse za pakati pa 50 ndi 173. Zinalipo 25, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene gulu linaiyesa.

Anayamba ndi 53. Inalowamo n'kusiya chotsala cha 33. Anapumira m'mwamba.

Anatenga 59. Mu 300 inalowamo kasanu, n'kutsala 5. Anatsitsa 3, inakhala 53, ndipo 59 sinalowemo, choncho analemba ziro. Anatsitsa 1, inakhala 531. Mmenemo 59 inalowa kasanu ndi kanayi ndendende, osatsala kanthu.

Anabwereza katatu. Katatu konse yankho linali 509. Nambala imene sukulu yonse inkainyadira inali 59 kuchulukitsa ndi 509 basi. Kapensulo sanakondwere ngakhale pang'ono. Anachita mantha.

3. Chenjezo la mayi

Mayi ake ankagwira ntchito yoyeretsa m'maofesi, ndipo anafika dzuwa lisanalowe, atanyamula nsapato zantchito m'jumbo. Anapeza bambo ndi mwana akuyang'ana chidutswa cha katoni ngati kalata ya maliro. Atauzidwa nkhani yonse, anakhala pansi osavula n'komwe juzi.

"Iwe, tandiyang'ana. Ine ndasesa maofesi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo akuluakulu ndimawadziwa kuposa iwe ndi bambo akowa. Ndaona makalaliki anzeru akutuluka pageti atanyamula katoni, osati chifukwa analakwa, koma chifukwa ananena zoona pa tsiku lolakwika. Munthu wamkulu ukamuonetsa cholakwa chake, sayang'ana cholakwacho, amayang'ana iwe. Aphunzitsi akowo ndi amene anakusankha pakati pa anzako khumi ndi anayi. Ndi amenenso angakutsitse. Waiwala mnzako uja anapita ku zisudzo? Mpikisano uli Loweruka. Pita ukanene zimene anakuphunzitsa, ukabwere, ndipo za 59 zakozo udzawauze mwezi wamawa mitima ili pansi. Nambala siimva kuwawa, mwana wanga. Amene amve kuwawa basi ikamanyamuka uli pakhomo ndiwe, ndipo amene azikupukuta misozi ndine."

Mawu amenewa sanali a munthu wamantha. Anali a mayi amene anasita kale yunifolomu ya mwana wake n'kuipachika kuseri kwa chitseko kudakali masiku asanu.

Kapensulo anatembenukira kwa bambo ake, akuyembekeza kuti anena kuti sadzalemba bodza. Akanatero, katunduyo akanamutula. Koma bambowo anakana. Anati iwo ndi olemba zikwangwani, sangapite kusukulu kukaphunzitsa mphunzitsi masamu. Anati burashi aiviika Lachinayi m'mawa, ndipo adzalemba zimene zidzakhale pa kapepala kapakhoma. Ngati kapepalako kayenera kusintha, woti akasinthitse ndi amene wapeza 59.

Mayi anati bambo akumuponya mwana pamoto. Bambo anati mwanayo si wakhanda. Anakangana pang'ono, monga amachitira anthu okondana, mpaka mayi anaimirira kukateleka madzi.

4. Pakhomo la chipinda cha aphunzitsi

Lachiwiri pa nthawi yopuma, Kapensulo anapita kuchipinda cha aphunzitsi. Anaganiza zowauza a Mosakayika paokha, mwaulemu, kuti manyazi asachuluke. Anawapeza akuchonga makope a Folomu 2, mulu wofika pachibwano, tiyi atazizira pambali.

Anapempha kuti awaonetse kanthu kokhudza nambala ija, n'kutambasula dzanja lokhala ndi chidutswa cha katoni. A Mosakayika anaona katoni yothimbirira penti, osaona zolembedwapo. Anafunsa ngati akukayikira nambalayo. Kapensulo anavomera ndi mutu.

"Mwana iwe, matenda amenewa ndimawadziwa," anatero osaleka kuchonga. "Amabwera mpikisano ukayandikira. Munthu amayamba kuona zolakwa paliponse, ngakhale m'dzina lake. Ine ndaphunzitsa masamu zaka makumi awiri ndi zitatu. Njira imeneyi yagwira ntchito kanayi motsatana, ndipo iwe unalipo pamene tinkaiyesa kachisanu. Ndikati ndizimvera mwana aliyense wobwera ndi chikatoni, sitidzafika kulikonse. Mawa tili ndi zoyeserera m'holo pamaso pa a hedi ndi sukulu yonse. Ukaima pamenepo unene zimene tinakonza, mawu ndi mawu. Ngati miyendo ikunjenjemera undiuze lero, Wailesi alipo, akhoza kupita m'malo mwako. Sindifuna munthu wa mitima iwiri kutsogolo kwa gulu langa. Wamva?"

Belu linalira katoni ikadali m'dzanja la Kapensulo.

Wailesi anali mnzake wokhala naye desiki imodzi, wachiwiri wake m'gulu la masamu. Dzinalo analipeza chifukwa pakamwa pake sipankazima. Kapensulo atamuonetsa katoni ija, Wailesi anachulukitsa yekha kuseri kwa kope, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho anakhala chete mphindi yathunthu.

Kenaka anatsegula. Anati oweruza amakhala ndi mphindi zisanu zokha pa sukulu iliyonse, ndani angakhale pansi kumagawa ndi 59? Anati iye ulendo wa mumzinda akuufuna, asaname, koma osati kuupeza motere. Anamaliza n'kumupempha kuti angotseka pakamwa monga amachitira masiku onse, poti luso limenelo ali nalo kale.

Kapensulo anapinda katoni ija n'kuiika m'thumba la siketi.

5. Lachitatu m'holo

M'holo munadzaza. Ana a Folomu 1 anakhala pansi kutsogolo, akuluakulu pamabenchi, ena ataima m'mawindo. A hedi, mayi wamtali wovala magalasi a unyolo, anakhala pampando wapakati. A Mosakayika anakhala pambali pawo atavala tayi yatsopano. Bolodi anali atalibweretsa pa miyendo yake itatu.

Kapensulo anayamba bwino. Anafotokoza za malalanje, ana n'kuseka pamene anati udye wekha. Analemba 7, 31, 211 ndi 2,311. Analemba 30,031 ndi zilembo zazikulu. A Mosakayika ankagwedeza mutu, milomo ikuyenda pamodzi ndi mawu a mwanayo, chifukwa anawalemba ndi iwo.

Chiganizo chotsatira chinali chakuti nambala imeneyi ndi yosagawika. Aliyense m'gulu la masamu ankachidziwa pamtima. Koma Kapensulo sanachinene. Anayang'ana a Mosakayika, anayang'ana Wailesi, amene ankamupukusira mutu pabenchi yachiwiri. Kenaka anatembenukira kwa a hedi.

"Pepani, mawu otsatirawo sindingawanene. Ndikupempha kuti ndilembe samu imodzi, ndipo aliyense amene ali ndi cholembera aipange yekha."

A Mosakayika anayamba kuimirira, koma a hedi anakweza dzanja pang'ono, iwo n'kukhalanso. Kapensulo analemba 59 pamwamba, 509 pansi, ndi chizindikiro chochulukitsa. Anaika choko n'kuima pambali.

M'holo monse munamveka kuthyathyalika kwa makope. Ena ankalemba m'manja, ena pamabondo. A hedi eniake anatulutsa bolopeni n'kulemba kuseri kwa envelopu. Kunayamba kunong'ona kumbuyo, n'kumabwera kutsogolo benchi ndi benchi. Amene anayamba kunena mokweza anali Wailesi, monga mukanayembekezera. Anati kuchulukitsa ndi 9 kukupereka 4,581, ndi 50 kukupereka 25,450, ndipo zonse pamodzi ndi 30,031.



A Mosakayika anayenda mpaka pabolodi. Sanayang'ane munthu. Anatenga choko n'kugawa okha 30,031 ndi 59, pang'onopang'ono, monga amaphunzitsira ana a Folomu 1. Analemba 5, analemba ziro, analemba 9. Pamalo a chotsala panalibe cholemba. Anakhala ataima chomwecho, atafulatira sukulu yonse, khosi likutuluka thukuta pamwamba pa tayi yatsopano ija. Ngakhale ana amene ankawaopa anawamvera chisoni.

A hedi anavula magalasi. Anafunsa ngati izi zikutanthauza kuti kwatsala masiku atatu ndipo sukulu ilibe chopita nacho.

A Mosakayika anatembenuka n'kumuuza Kapensulo, ndi mawu otsika, kuti akhale pansi. Aliyense anadziwa tanthauzo lake.

Kapensulo sanakhale pansi. Mawu ake ankamveka mpaka kuchitseko.

"Aphunzitsi, njira yanu sinafe. Ndinayesa 509 dzulo, nayonso ndi yosagawika, ngati 59. Tinayamba ndi 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Taonani, 59 ndi 509 palibe pamndandanda umenewo. Sizikanatheka kuti zikhalepo, chifukwa za pamndandanda zonse zimasiya 1 uja munawonjezera. Ndiye njira yanu ikapanda kubala yosagawika yatsopano, imabala nambala imene m'mimba mwake muli zosagawika zatsopano. Ife tinkafuna imodzi, iyo yatipatsa ziwiri."

Anatenganso choko n'kupitiriza. Anati munthu wina atabwera n'kunena kuti ali ndi mndandanda wa nambala zosagawika zonse za padziko, ungomulanda mndandandawo, uzichulukitse zonse, uwonjezere 1. Chotulukacho chidzakhala ndi yosagawika imene iye alibe. Akaiwonjezera, ubwerezenso. Choncho nambala zosagawika sizidzatha, ngakhale munthu atawerenga moyo wake wonse n'kusiyira zidzukulu.

A Mosakayika anayang'ana bolodi nthawi yaitali. Anaika chala pa 59, anachiika pa 509, anachiyendetsa pamndandanda wa zisanu ndi chimodzi zija. Nkhope yawo inayamba kusintha. Mphunzitsi wa masamu uja, amene ana ankamukonda, anabwerera m'maso mwawo.

"Khalani chete nonse, mumve," anatero, ngakhale kuti panalibe wolankhula. "Dzulo mwana uyu anabwera kwa ine ndi chikatoni, mwaulemu, paseri, monga mwana woleredwa bwino. Ine sindinachiyang'ane. Ndikanachiyang'ana, manyazi a lerowa akanakhala a anthu awiri okha. Ndinaona chinthu chikuchitika kanayi, n'kuganiza kuti chizichitika mpaka kalekale. Ndinalekera pa 50 chifukwa 50 ndi nambala yokoma kulekerapo, osati chifukwa masamu anati ndilekere pamenepo. Inu amene mukufuna kudzakhala madokotala, amisiri a milatho, oyendetsa ndege, mumve bwino. Chinthu sichikhala choona chifukwa chanenedwa ndi wa imvi, kapena chifukwa mwatopa kuchiyesa. Mukadzalekera pamene palira belu, mudzagwetsa mlatho anthu ali pamwamba. Ndinalakwa ine. Zimene wanena mwanayu n'zazikulu kuposa zimene ndinamulembera, ndipo akazinena yekha Loweruka. Akupita ndi iyeyu, mosakayika konse."

Holo yonse inaphulika. Ana anaseka, anawomba m'manja, anamenya mabenchi mpaka fumbi linakwera. Wailesi anadumpha benchi yoyamba n'kumukumbatira mnzake, akulankhula zinthu zimene palibe anazimva. Kapensulo anaima pakati pa phokosolo misozi ikutsika, akuseka. Anali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake.

6. Kabuku ka oweruza

Madzulo a tsiku lomwelo a Mosakayika anapita okha ku kachipinda ka malata, atanyamula kapepala katsopano. Anakhala pa chitini chija n'kufotokozera bambo a Kapensulo mawu aliwonse, ndipo bambowo anawafunsa mafunso mpaka anakhutira. Lachinayi m'mawa burashi inalowa mu penti wobiriwira. Pamwamba panalembedwa 30,031, pansi pake 59 ndi 509, ndipo pansi penipeni mawu akuti NAMBALA ZOSAGAWIKA SIZITHA.

Mayi anaima pakhomo akuonerera, jumbo ili m'manja, mpaka anachedwa kuntchito. Sananene kuti analakwa, ndipo sanalakwe kwenikweni, chifukwa akuluakulu ambiri sali ngati a Mosakayika. Anangomufunsa mwana wawo ngati masokosi oyera ali nawo awiri, n'kumukonza kolala imene inali kale bwino.

Lachisanu masana, chikwangwani chitauma, a hedi anaitanitsa Kapensulo ku ofesi yawo. Anamuuza kuti atseke chitseko ndi kukhala pansi. Patebulo panali kabuku kopyapyala kachikuto chachikasu, kamene kanafika m'mawa womwewo kuchokera kwa okonza mpikisano.

A hedi anati sukulu iliyonse inatumiza mutu wa nkhani yake milungu iwiri yapitayo, ndipo okonza aisindikiza yonse m'kabukuko n'kugawira sukulu zonse khumi ndi zitatu. Anatsegula tsamba loyamba n'kulitembenuzira kwa iye. Panalembedwa kuti 30,031 ndi nambala yosagawika. Pansi pake panali dzina la sukulu, ndi dzina lake lenileni la Kapensulo, lonse lathunthu. Iye ndiye anali woyamba kulankhula.

"Pa sukulu khumi ndi ziwiri, salephera kupezeka wina amene wafika kale pa 59," anatero a hedi. "Akubwera kudzakuseka, ndipo akonzeka. Si zokhazo. Werenga lamulo lachinayi."

Kapensulo anawerenga. Lamulolo linkati sukulu yosintha mutu wake kabuku katasindikizidwa, oweruza ali ndi mphamvu yoiimitsa nthawi yomweyo, wolankhula asanamalize.

"Udzakhala ndi chiganizo chimodzi, mwina ziwiri, choti uwakope kuti akusiye upitirize," anatero a hedi. "Akakana, udzatsika pamaso pa anthu mazana atatu, chikwangwani cha bambo ako chili m'manja. Sindikukakamiza. Ukufunabe kupita?"

Kapensulo anayang'ananso dzina lake pansi pa bodza lija. Anatseka kabukuko n'kukabweza patebulo.

"Chiganizo choyamba ndidzanena ndekha kuti tinalakwa, iwo asanatsegule pakamwa," anatero. "Basi inyamuka nthawi yanji?"